Kansalu Kofiira pa Mpiru

Namasamba anaika chidebe pansi osathirira. Tinsalu tofiira timene anamanga pa mpiru wake tinali titasowanso. Mwamuna wake, osaona chizindikiro, anali atathyola nsonga zamaluwa kukaphika dzulo lake. Unatsala mtengo umodzi wokha, m'thumba la kukona.

Dzina loti Namasamba anamupatsa ndi anthu a papuloti chifukwa cha matumba a simenti odzalamo masamba amene anawandandalika kuseri kwa nyumba ya lendi. Mpiruwo unali wa malemu bambo ake. Ali mwana ankadzuka nawo kukathirira asanapite kusukulu, ndipo mtengo uliwonse wonenepa bambowo ankaumanga kansalu kofiira. Umenewo unali wa mbewu, wosathyola ngakhale ndiwo zitavuta. Sukulu inathera panjira, bambo anapita, koma njere zija anali nazobe chaka ndi chaka.

Pa za tinsalu tosowato, anayamba kuganizira ana a papuloti, koma ana akanazula ndi mtengo womwe. Mfundo za tinsaluto zinamasulidwa ndi zala za munthu wamkulu. Maso ake anagwera pakhomo loyang'anizana ndi matumbawo, la mayi ogulitsa makala, amene masiku amenewo ankayankha moni akuyang'ana kumbali. Anakweza mwana wake kumsana n'kupita ngati wokapempha moto. M'phulusa la mbaula munali kansalu kofiira kopserera theka.

"Achemwali, nsalu yanga yayamba kukolezera moto?"

Mayiwo sanakane. Anati chiyambireni tinsalu timeneto kuloza pakhomo pawo, mwana wawo sanasiye kutsokomola, ndipo malonda anaima.

"Ndiwo zimavala nsalu kwanuko? Tiuzeni chimene mwabisa m'matumbamo."

Namasamba anatembenuka n'kuwaonetsa m'mphepete mwa nsalu imene anaberekera mwana, pamene panali pong'ambika.

"Ndang'amba apa. Chinthu choipa ndingaberekere mwana wanga?"

"Amene amadziwa zinthu amadziwanso kuteteza ake," anatero mayiwo, akukokera mwana wawo m'nyumba momwe munkatuluka utsi wa mbaula.

Namasamba anafuna kunena za utsiwo, koma anaona makatani a nyumba zina akugwedera. Anatembenuka n'kubwerera kwake.

Masana eni nyumba anafika atamva kale zonse. Anazungulira matumba manja ali kumbuyo, n'kufukula dothi ndi ndodo ngati akusaka njoka. Sanapeze kanthu, koma anati iwo amachititsa lendi zipinda, osati minda, ndipo safuna alendi kuthawa chifukwa cha masamba. Matumba onse achoke dzuwa lisanalowe.

Namasamba sanawachonderere. Anakolola tomato wosapsa, anazula anyezi, dothi anakalitaya kudzala. Atafika pa thumba la kukona anaima. Timakoko ta njere tinali tidakali tobiriwira. Atatithyola lero, sitingamere.

Mwamuna wake pobwera kuchokera kogwira ntchito yaukalipentala anapunthwa pakhomo la kuchipinda. Thumba lija linali pansi pa windo, pamene pankakhala mpando wake, mpiruwo utamangidwa kansalu kofiira katsopano, ndipo nsalu ya mwana inali itafupikanso pang'ono.

"Mayi a mwana, tsopano tizigona m'dimba?"

"Mpaka njere ziume. Ndipo mukaona chofiira, manja m'thumba."

Namasamba anatsegula windo kuti dzuwa lotsala lilowe. Kutsidya kwa bwalo, mayi ogulitsa makala anali ataima ndi tsache m'manja, osasesa. Namasamba anatembenuza thumbalo kuti kansaluko kaloze kukhoma, n'kuthirira ndi kapu.