Mabotolo Awiri M'kanyumba ka Mbewa

Fanizo anakankha chitseko cha kanyumba ka mbewa ndi phewa, poti manja ake sankagwiranso kanthu bwino. Chibwerereni ku migodi ya ku Joni, manjawo ankangonjenjemera usana wonse. Khasu linkamupulumuka. Abale a mkazi wake Zelesi ku Kandeu anali atanena poyera kuti mkamwini wosalima alibe naye ntchito, ndipo mvula ikagwa asanachire anyamule kabokosi kake azipita.

M'kanyumbamo, kuseri kwa Boma la Ntcheu, munkagwira ntchito mlamu wake Hilary, mchimwene wa Zelesi. Bwana wake anali dokotala wachizungu woweta mbewa zoyera, zosadyedwa n'komwe, zongoyesera mankhwala. Ankazibaya mankhwala ozinjenjemeretsa, kenaka ena ozichiza, n'kumaziyendetsa pansungwi kuti aone ngati zigwe. Dzulo lake Fanizo atasuzumira pazenera anaona kambewa kamene kankadzandira kakuwoloka nsungwi mwamyaa, ndipo mtima unamuwawa kuti mbewa ichire iye alipo.

Tsikulo dokotala anali atapita ku Nzama. Fanizo anayamba ndi kupempha Hilary mankhwala ochiza aja, anagwada ndithu, bambo wamkulu ndevu pepeya. Hilary anakana. Anati mankhwalawo sanayesedwepo pamunthu, ndiponso mbewa zonse, zochira ndi zosachira zomwe, dokotala amazing'amba mutu kuti aone ubongo.

"Alamu, dikirani bwana abwere tifunse," anatero Hilary. "Safunsa anadya phula."

Kenaka, mwachizolowezi cha pachilamu, anaseka n'kunena kuti ngati Fanizo akufunadi, ayambe wakwera pansungwipo amuone.

Nthabwala imeneyo inagwera pabala. Fanizo anasolola chibonga m'jekete. Manja osagwira khasu aja anachigwira ndithu, awiri onse pamodzi. Choyamba chinaphonya n'kuphwanya khola, mbewa n'kumwazikana pansi. Chachiwiri chinapeza Hilary pachibwano, fupa n'kulira kuti thyo. Anagwera pathebulo, mano awiri n'kugwa pasimenti, koma Fanizo sanaleke. Anamumenyanso paphewa ndi kumutu, akutukwana migodi, akutukwana apongozi, mpaka mpweya unamuthera.

Atatembenukira pashelefu anapeza mabotolo awiri, ofanana msinkhu, onse amadzi oyera. Zolembedwapo zinali za Chingerezi, ndipo Fanizo sukulu anangoidutsa panjira. Lina linali lochiza, lina lonjenjemeretsa. Anawapanira pachifuwa kuti asagwe, n'kukagwada pomwe panagona mlamu wake.

"Alamu, lochiza ndi liti? Ndiuzeni, chonde."

Hilary anatsegula pakamwa koma munangotuluka magazi ndi thovu. Chibwano chinali chitapendekera kumbali. Anayesa kudzutsa dzanja kuti aloze, mwina botolo, mwina chitseko, ndani angadziwe. Chala chinkapita uku ndi uku osaima pamodzi. Fanizo anachiyang'anitsitsa chalacho, ndipo mantha anamugwira: dzanja la mlamu wake linkanjenjemera ndendende ngati lake.

Panja anthu amene anamva phokoso anali atayamba kuitana asikari. Fanizo sanathawe. Anatsitsa mabotolo onse awiri pansi, navula jekete n'kuliika kumutu kwa Hilary. Anafuna kumupukuta magazi pakamwa, koma manja anakana, moti anangowapaka nkhope yonse.