Kusaka Munthu Wanjala pa Vesak

Pa tsiku la Vesak mungapeze chilichonse chaulere m'misewu ya kuno ku Sri Lanka: mpunga, tiyi, ayisikilimu, ngakhale wokumetani tsitsi. Chosowa ndi chimodzi, munthu wanjala. Ndikunena ine Somalatha amene ndinamusaka mmawa wonse pa njinga yamoto mpaka nsalu yanga yoyera inasanduka yakhaki.

Oyambitsa zonsezi ndi apongozi anga aamuna, a Ukku Banda. Chaka chilichonse mwezi ukakhala wathunthu mu Meyi, tsiku lokumbukira kubadwa, kuunikiridwa ndi kumwalira kwa Ambuye Buddha, iwo amamangitsa dansala pakhomo pathu, kachisakasa ka masamba a kokonati kogawirapo chakudya kwa odutsa. Anzathu amaphika mpunga ndi ndiwo zamitundumitundu. Ife ndi chinangwa chokhachokha, chowaza kokonati wopala ndi tsabola wosinja pamodzi ndi anyezi, chopakulira pa tsamba la nthochi. Anayamba ine ndisanabadwe, ndipo lamulo lawo silinasinthepo: iwo salawa kanthu mpaka munthu wachilendo atadya kaye. Aneba sawerengedwa. "Kudyetsa mnansi n'kubwereketsa," amatero, "mawa adzakubwezera. Mphatso yeniyeni ndi ya munthu amene sudzamuonanso."

Vuto ndi lakuti pa tsikuli apongozi amalawirira ku kachisi atavala zoyera, n'kukalonjeza pamaso pa amonke kusunga malamulo asanu ndi atatu. Limodzi mwa malamulowo limati dzuwa likangofika pamutu sudyanso mpaka mawa kutacha. Tsono uyu ndi munthu wokalamba, wodwala shuga, amene adokotala anamuuza kuti akadumphitsa chakudya tidzachita kumutola pansi. Kale sitinkada nkhawa chifukwa mabasi opita ku Kurunegala ankadutsa pakhomo pathu penipeni. Koma chaka chino anatsegula msewu watsopano kuseri kwa minda ya mpunga, wathuwu n'kutsala wa agalu ndi ng'ombe.

Ineyo ndinafika pakhomo pano kudzera pa chinangwa chomwechi. Ndili mtsikana, ndikupita kwa azakhali anga, basi yathu inaimitsidwa ndi mnyamata wowonda wokupiza mbendera yachikasu, ataima pakati pa msewu ngati wotopa ndi moyo. Ndinatsika, ndinadya, tsabola n'kunditsamwitsa, mnyamatayo n'kundithamangira ndi madzi. Ndiwo a Gunapala amenewo, amuna anga, ngakhale kuwondako kunatha kalekale. Chiyambireni apongozi sananditchulepo dzina. Ndinawaberekera adzukulu awiri, ndinadwazika akazi awo mpaka tsiku lomaliza, ndimapukuta mbale ya malemuwo imene imangokhala pashelefu osaigwiritsa ntchito, koma kwa iwo ndinali ndidakali "mtsikana wa m'basi". Anthu ankaseka, nanenso ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandipweteka.

Tsikulo chinangwa chinapsa dzuwa likungotuluka. Nyali za mapepala zinali zitapachikidwa kale mu mtengo wa mango kudikira madzulo, mapemphero a amonke akumveka pa zokuzira mawu za ku kachisi, a Gunapala ali chilili pakati pa msewu ndi mbendera yawo. Kunadutsa galu mmodzi, ndiye wa aneba. Apongozi anabwerako ku kachisi n'kukhala pa mpando wawo pafupi ndi mphika, manja pa mawondo.

"Bambo, idyani kachidutswa kamodzi kokha mumwere mankhwala," ndinatero.

"Mlendo wadya?"

"Mlendo wake uti? Msewu unafa uwu."

"Ngati msewu unafa, dansala nayo yafa. Dzuwa likafika pamutu popanda wodya, mugwetse chisakasachi, chaka chamawa musadzavutikenso. Mwamva, mtsikana wa m'basi?"

A Gunapala nzeru zawo zimabwera mofulumira koma zosapsa. Anazemba pang'ono, n'kubwerera akutsogolera munthu wovala chisoti cha pa njinga yamoto chotseka nkhope yonse.

"Bambo, mwayi wathu. Awa ndi apaulendo, akuchokera kutali kwambiri."

Apongozi anamuyang'ana munthuyo kuyambira kumapazi, ndipo sanavutike n'kufika kumutu.

"Piyadasa, chala chako chopindikacho ndinachiona uli wakhanda. Watseka shopu yometera kuti udzaname pa Vesak? Vula chimphikacho ukhale pansi udye, koma sukuwerengedwa."

Piyadasa anadya chinangwa masamba atatu mopanda manyazi n'komwe. Ine ndinalanda makiyi a njinga yamoto m'manja mwa amuna anga n'kudutsa njira ya m'minda kupita ku msewu watsopano.

Kumeneko kunali piringupiringu. Zisakasa zinandanda mbali zonse ziwiri, mbendera zili petupetu, anyamata akulimbirana galimoto iliyonse. Inenso ankandiimitsa paliponse, uyu ndi kapu ya tiyi, uyu ndi chimanga chophika, ndikuchita kuwapepesa kuti andilole kudutsa. Ndinaona basi yaima, n'kuthamangira pa zenera la dalaivala.

"Achimwene, kuseri kwa mindaku kuli chinangwa chofewa ngati batala. Mungokhota pang'ono."

"Achemwali, mundikhululukire. Chichokereni ku Colombo ndi kuima kokhakokha. Lamba ndamasula kale, batani nalo lathawa. Ndikadya chinangwa, chiwongolerochi chizungulira pati?"

Ndinalowa m'basimo. Anthu anali gone m'mipando, ana atapaka ayisikilimu mpaka m'makutu. Agogo ena anandigwira dzanja mwachifundo n'kundipatsa phukusi lawo la mpunga, poganiza kuti wanjalayo ndine.

Ndinakumbukira bambo wina wopemphetsa, wochokera kutali, amene masiku ano amakhala pansi pa mtengo wopatulika wa pamphambano. Ndinamupeza ali chagada, mapukusi a chakudya ataunjikana pambali pake.

"Lero ayi, mayi," anatero osadzuka n'komwe. "Mubwere Lachinayi. Lachinayi ndimakhala ndi njala yabwino kwambiri, koma simubwera."

Anandilasa ndithu, koma nthawi yochita manyazi ndinalibe. Ndinapita ku dansala yaikulu ya eni masitolo, kumene mzere unali wautali mpaka kukhota. Ndinati odikira kumapetowa ndiye anjala. Ndinayamba kuwanong'oneza mmodzimmodzi za chinangwa chopanda mzere, ndipo banja lina linatsala pang'ono kuvomera pamene mkulu wa dansalayo anatulukira ndi chipande m'manja.

"Mayi inu, mukutibera alendo? Pa Vesak?"

"Muli nawo ambirimbiri, abwana. Ndibwerekeni mmodzi yekha, wowonda yemweyu."

"Aliyense amene waima apa tamuphikira. Kasakeni anu."

Ndinathawira kuseri kwa chisakasa, kumene kunali mafuwa ndi utsi. Mayi wina wamng'ono thupi ankatakasa chimphika cha mphodza ndi mthiko wautali kuposa iye mwini, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, tandikankhirani chikunicho, ndikasiya apa zipserera," anandipempha.

Ndinasonkhezera motowo. Anati dzina lake ndi Pushpam, wa kumapiri ku minda ya tiyi, anachita kumutenga dzulo pa lole kuti adzaphike.

"Zikununkhira bwino," ndinatero.

"Kukoma kwake mufunse akudyawo. Ife ophika timadya ndi mphuno."

Ndinaseka n'kumapita, maso ali kumsewu. Mutu wanga unali pa mabasi okhaokha.

Pofika kunyumba n'kuti mthunzi wa mango utatsala pang'ono kubwerera pansi pa mtengo wake. Ndinaona apongozi ndipo mtima unandigwa. Milomo inali itauma, manja akunjenjemera pa mawondo, koma msana uli njo. A Gunapala anali atakhala pansi pakati pa msewu, mbendera paphewa. Mantha anga anasanduka mkwiyo, monga amachitira nthawi zonse. Ndinakhala pa benchi ya alendo, ndinatenga tsamba la nthochi n'kulitambasula pamaso pa apongozi.

"Pakulani, bambo."

"Mukutani kodi?"

"Ine si wa m'basi? Zaka zonsezi ndinu mwakhala mukunena. Ndiye wapaulendo wanu ndi uyu. Kwathu n'kutali, ndimangodutsa, njala yandigwira. Pakulani ndidye, inunso mudye mumwe mankhwala."

Anatambasula dzanja n'kundilanda tsamba lija, n'kulibwezera pa mulu.

"Tsambali ndi la anthu opita. Iwe ukupita kuti? Basi ija inanyamuka kalekale, Somalatha. Mwana wa pakhomo sawerengedwa."

Sindinkadziwa n'komwe kuti dzina langa amalidziwa katchulidwe kake. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kuwagogoda ndi chipande pamutu. Zaka zonsezi anasunga mawu amenewa kuti adzawanene tsiku limene ndinkafunitsitsa kukhala mlendo.

"Ndiye mukomoke chifukwa chakuti ndine mwana wanu?" ndinafunsa.

"Lamulo ndi lamulo, mwana wanga."

A Gunapala anayandikira mwamantha. "Mayi a Sanduni, nawenso sunalawe kanthu chidzukire. Ukomoka ndiwe woyamba."

"Musandisokose inu. Ife ophika timadya ndi mphuno."

Mawuwo atangotuluka ndinakumbukira mwini wake, Pushpam. Ndinagwira amuna anga pamkono.

"Kwerani kumbuyoku."

"Tikupita kuti?"

"Mukaphunzire kutakasa mphodza."

Njira ya m'minda ija sinaonepo liwiro loterolo. A Gunapala ankapemphera mokweza kumbuyo kwanga kuposa zokuzira mawu za ku kachisi. Tinafika kuseri kwa dansala yaikulu ija, ndinalanda mthiko m'manja mwa Pushpam n'kupatsa amuna angawo.

"Mwadya chiyani lero, achemwali?"

"Tiyi, kusanache."

"Tiyeni. Kuli munthu wokalamba akukudikirani."

"Nanga mphodzazi? Komanso ine ndine Mhindu, ndiponso taonani mmene ndadera ndi utsi."

"Mphodza atakasa awa, mimba yawo ikuchitira umboni kuti miphika amaidziwa. Ndipo chinangwa sichifunsa kumene munthu amapemphera."

Titafika, apongozi anaimirira okha, kukana kuwagwira. Anamuyang'ana mayiyo kumapazi monga mwa chizolowezi chawo, n'kukwera mpaka kumaso, nkhope yawo n'kumasuka.

"Awa sindikuwadziwa," anatero mokondwa ngati mwana. "Khalani pansi, mayi. Mwatichitira chifundo."

Anasankha tsamba losang'ambika, anapakula chinangwa cha pakati pa mphika chimene chinali chidakali chotentha, anawaza kokonati ndi tsabola, n'kupereka ndi manja awiri atawerama. Pushpam anayang'ana tsambalo, anayang'ana nkhalamba yovala zoyera ikumuweramira, n'kuseka mwamanyazi.

"Chiyambire ine kuphikira anthu, sindinakhalepo mbali ino ya mphika," anatero.

Anadya ngati munthu wanjala weniweni, ndipo kunena zoona ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero pa Vesak iliyonse. Pa chidutswa chachitatu tsabola anamutsamwitsa, ine n'kumuthamangira ndi madzi.

"Samalani, mayi," anatero apongozi. "Womaliza kutsamwa pa benchi imeneyo sanachokenso pakhomo pano."

Atatero anakhala pansi n'kudzipakulira okha. Anadya pang'onopang'ono, anamwa mankhwala awo ine ndikuyang'anitsitsa, ndipo belu la ku kachisi lonena kuti dzuwa lafika pamutu linalira iwo akusamba m'manja.

"Chisakasachi musagwetse," anatero. "Chaka chamawa mbendera tidzakakupizira kuseri kwa makhitchini. Komanso wopemphetsa wa pamphambano uja, kodi amadya masiku ena onsewa?"

"Akuti Lachinayi amakhala ndi njala yabwino."

"Ndiye musunge chinangwa china m'munda."

Pushpam anapempha kuti timubweze mphodza zisanapserere, koma nkhani inafika kudzera kwa Piyadasa kuti a Gunapala akana kusiya mthiko chifukwa azimayi a kukhitchiniko akuwayamikira mikono. Ndinati asiyeni, adzabwera poyatsa nyali. Mayiyo anaonjezera tsamba lachiwiri, n'kutsamira pa nsanamira ya chisakasa, maso ali tseke.

Apongozi analowa m'nyumba, ine n'kumaganiza kuti akukatenga nsalu yawo kuti abwerere ku kachisi. Anatuluka ndi mbale ya malemu akazi awo ija, ya pashelefu, akuipukuta ndi nsonga ya malaya awo oyera. Anaidzaza chinangwa, tsabola n'kuika pang'ono chabe.

"Mtsikana wa m'basi," anatero, "khala bwino udye. Zatsala ndi za apakhomo."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinadya chonse.