Mpando wa Womasulira Mpira

"Goooool!" anakuwa mzungu wa pa TV mpaka mpweya kumuthera, kenako n'kuyamba kubwetuka Chisipanishi chothamanga. Anthu onse amene anadzaza mu shopu yometera ya Hussain ku Zingwangwa anatembenukira kwa Laurenti.

"A Laurenti, wati chiyani?"

Laurenti anakonza kolala. "Akuti goloboyi ameneyu manja ake ndi a sopo. Akuti ngakhale mutamupatsira mwana wake wakhanda akhoza kumugwetsa."

Chiseko chinaphulika mpaka a mandasi panja anasuzumira. Laurenti anaseka nawo, koma mumtima mwake munali zii, chifukwa pa zonse zimene mzungu uja analankhula iye anatolapo mawu amodzi basi, portero, kutanthauza goloboyi.

Nkhaniyi inayamba bwinobwino, popanda bodza. Hussain ankakoka mpira wa ku Spain pa foni n'kuuponya pa TV, ndipo tchanelo chokhacho chimene sichinkadukaduka chinali cholengeza m'Chisipanishi. Laurenti, mmisiri wowotcherera mageti, zinamuwawa kumangomva phokoso ngati mbuzi. Anayamba kufufuza mawu pa foni n'kumawalemba ndi choko pa zitsulo kuntchito: falta, faulo, saque de esquina, kona, tarjeta roja, khadi lofiira. Loweruka lina anamva fuera de juego, n'kunena kuti "Ofusaidi imeneyo!" anthu akadali kuvina chigoli. Refa atakanadi chigolicho, shopu yonse inamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mwachidziwira kuti Chisipanishi inu?" anafunsa Hussain.

Apa m'pamene pakamwa panaterera. M'malo monena kuti pa foni, Laurenti anati, "Ndinakulira kwa ansembe a ku Spain, ku mishoni."

Chiyambire tsiku limenelo, mpira ukayamba Hussain ankasasa tsitsi pa mpando wometera, wozungulira uja, n'kumukhazikapo Laurenti kutsogolo. Munthu amene moyo wake wonse ankangoitanidwa geti likathyoka, tsopano anali "aphunzitsi". Mawu enieni ankadziwa sate foro. Enawo ankangopeka, monga amachitira anyamata omasulira mafilimu a karate m'Chichewa aja, amene amamuyankhulitsa Mtchaina za ku Mbayani.

Mkazi wake Selina yekha ndiye ankadziwa. "Inu a ku mishoni inu," ankatero akamupeza akuloweza m'mawa, "ine ndinakupezani kwa Goliati mukuweta nkhumba za amalume anu. Ansembe a ku Spain anali m'kholamo? Samalani, kandimverere anakanena za m'maluwa."

Lolemba lina Hussain anadutsira kuntchito kwa Laurenti nkhope ili mwee.

"Aphunzitsi, Loweruka kukubwera amalume anga, a Haruna a ku Kanjedza. Udokotala anakaphunzira ku Cuba, zaka seveni! Akuti alibe wocheza naye Chisipanishi m'Blantyre muno. Ndawauza kuti tili naye katswiri."

Laurenti anayamba kuloweza usana ndi usiku. Sabata imeneyo geti la kasitomala linadzaza choko mbali zonse, mpaka anadziwotcha chala poyang'ana mawu m'malo moyang'ana moto. Lachisanu anayamba kudandaula kuti m'thupi mukumveka ngati malungo.

"Malungo ake ati?" anatero Selina. "Mukagona, Hussain abwera naye dokotalayo konkuno kudzakuonani. Pitani, tsiku la fote lakwana."

Loweruka cha m'ma folo masana shopu inali thothotho. A Haruna anali bambo wa imvi, wodekha, atavala kachipewa koyera. Anamugwira chanza Laurenti n'kumuthira Chisipanishi chachitali, chofewa, chopanda ngakhale kona kapena penate m'kati mwake.

"Sí, sí," anayankha Laurenti thukuta lili kamukamu.

A Haruna anamuyang'ana kanthawi, kenako anamwetulira n'kukakhala pa benchi.

Mpira utayamba Laurenti anasamala kwambiri. Ankangotchula zimene wamvadi. "Akuti faulo." "Akuti kona." Anthu anayamba kung'ung'udza.

"Lero mwazizira bwanji, aphunzitsi?" anatero Dan, kondakitala wa minibasi za ku Limbe. "Zimenezo tikuziona tokha ndi maso. Tipatseni zakupsa!"

Dan anali atangobwerako ku Thyolo kokaika maliro a mayi ake. Tsitsi lake linali lisanamere chimetereni pa malirowo, ndipo aka kanali koyamba kuti abwerenso ku mpira.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, nambala naini wa timu ya malaya achikasu anamwetsa chigoli chamutu. Koma sanathamange, sanavine. Anagwada pa kapinga, analoza kumwamba, misozi ili chuchuchu, anzake n'kumuzungulira. Wolengeza uja anatsitsa mawu n'kulankhula pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali.

"Iii, akulira chiyani bambo wamkulu?" anafunsa Dan. "A Laurenti, wati chiyani?"

Laurenti sanatolepo liwu ngakhale limodzi. Maso onse anali pa iye, ndipo a Haruna anali atawerama kuyang'ana pansi. Chizolowezi chinamutsogolera.

"Akuti mkazi wake wathawa ndi dalaivala wa basi ya timu. Akuti watenga ndi mapoto omwe."

Anthu anagwa nacho chiseko. Dan anaseka koposa onse, kumenya benchi, kupukuta misozi. "Mapoto omwe! Mayo ine, nthiti zanga!" Hussain anamusisita Laurenti paphewa, kuthokoza kuti wamuseketsa mnzawo wofedwa.

Pa hafutaimu a Haruna anaimirira. "Achimwene, tandiperekezani ndikagule madzi."

Atafika panja, kuseri kwa okazinga tchipisi, anaima.

"Mawu a mpirawo mumawatchula bwino," anatero motsitsa. "Ena mwa iwo ine sindinkawadziwa, changa ndi Chisipanishi cha m'chipatala. Koma mnyamata uja mkazi sanamuthawe. Wolengeza amati mayi ake anamwalira Lachitatu, anawaika dzana. Timu inamuuza kuti apume, iye anakana, akuti mayi akewo sankaphonya mpira wake."

Laurenti anafuna nthaka itang'ambika. Manyazi anamugwira kuyambira kumapazi mpaka m'makutu.

"Adokotala, ine..."

"Ine sindinena kanthu. Ndine mlendo, ndabwera kudzaonera mpira. Nkhaniyi ndi yanu."

Anagula madzi aja n'kubwerera. Laurenti anatsala panja. Njira ya kunyumba inali pomwepo, yotsetsereka bwino, ndipo akanatha kungoitsata. Akanathanso kulowa n'kukhala chete, mpando n'kukhalabe wake, poti a Haruna sanali munthu woulula za eni. Koma kuchokera m'shopu munkamveka mawu a Dan akuyerekeza kulira: "Mapoto anga, mayo! Ndiphikira chiyani ine?" Anthu n'kumafa nazo.

Laurenti analowa. Hussain anamuzungulizira mpando, koma iye anaima chilili kutsogolo kwa TV.

"Hussain, tatsitsa kaye voliyumu." Anatembenukira kwa anthu. "Abale anga, ndakunamizani. Mnyamata uja akulira mayi ake, anamwalira Lachitatu. Andiuza ndi adokotalawa. Za mkazi ndi mapoto ndapeka ine."

Laurenti anapitiriza:

"Ndipo si lero lokha. Ku mishoni sindinakhaleko. Ndimadziwa timawu sate foro ta pa foni, ndimatilemba ndi choko pa mageti. Zina zonse zija, za manja a sopo, za refa woledzera, zinali za m'mutu mwanga."

Wina kumbuyo anatsonya. Wina anati, "Aaa, chaka chonse tikuombera m'manja mphepo!" Hussain anangogwira pakamwa, osayerekeza kuyang'ana amalume ake. Koma Laurenti maso ake anali pa Dan.

Dan sanakalipe. Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kusisita mutu wake wometa uja.

"Ndiye kuti ine ndimaseka maliro?" anafunsa. "Ine amene, a Laurenti?"

"Pepa, Dan. Mlandu ndi wanga, si wako."

"Mukanangonena kuti simunamve. Tikanakumenyani?"

Laurenti akanakonda Dan akanamutukwana kapena kumuwaza khofi, zikanapepukako. Anadutsa pakati pa anthu mutu uli pansi, n'kukakhala kumapeto kwa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi tsache ndi mulu wa tsitsi. Hussain anapempha a Haruna kuti akhale pa mpando uja, koma iwo anakana, akuti msana wawo umagwirizana ndi benchi.

Chigawo chachiwiri chinayamba mpando uli wopanda munthu. Mzungu uja ankabwetuka yekha, anthu ali duu. Nambala naini atatuluka m'bwalo kuti alowe wina, masapota a pa TV anaimirira kumuombera m'manja, ndipo Dan naye anaimirira yekha m'shopu monse, mpaka mnyamatayo anakakhala pansi.

Patapita nthawi refa anaimba wezulo pakati pa chipwirikiti, osewera n'kumuunjirira. Palibe anamvetsa chachitika. Dan anatembenuka, nkhope yake ili yosamwetulira.

"A Laurenti, wati chiyani?"

Laurenti anatchera khutu ku TV. "Ndamva liwu loti mano basi, m'Chisipanishi ndi dzanja, ndiye kuti wina waugwira mpira. Zinazo sindikudziwa."

Dan anamuyang'ana kanthawi, anagwedeza mutu movomereza, kenako anabwezera maso ku TV.