Mtengo wa pa manda a Tisungeni

Chimphepo cha mu Malichi chija chinasasula madenga asanu m'mudzi wina wa kwa Malemia, chinagoneka chimanga, chinapha ndi mbuzi ya eni. Aliyense ankalira chake. Denga la mayi Eluby silinasunthe n'komwe, koma mtima wawo ndiye unasweka kuposa wa wina aliyense, chifukwa cha nthambi imodzi ya mtengo wa maluwa.

Mtengowo unali kumanda, kumutu kwa mtumbira wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungeni, amene anamwalira ali Fomu 2, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Chiliza panalibe. Bambo wa mwanayo analonjeza simenti kenako n'kulowera ku Joni, ndipo simentiyo ikubwerabe mpaka lero. Mtanda wathabwa chiswe chinadya. Chinatsala ndi mtengo umene mayi Eluby anabzala tsiku loika maliro, nthambi yopempha ku Mishoni, wa maluwa oyera okhala ndi chikasu pakati, umene kumeneko amautcha furanjipani. Chaka chimenecho kunagona anthu ambiri, mitumbira yofanana ngati mizere ya mbatata. Popanda mtengowo, palibe akanaloza pamene mwanayo anagona.

Njira yopita ku dambo la mpunga imadutsa m'mbali mwa manda. Mayi Eluby ataima panjirapo anaona nthambi yaikulu ikulendewera pakhungwa, thunthu litang'ambika, utomoni woyera ukuchucha. Mtengo wotere ankaudziwa bwino. Ukavulala nthawi ya mvula, madzi amalowa pabalapo, umayamba kuwola kuchokera pamwamba mpaka kumizu. Mankhwala ake ndi mpeni wakuthwa basi: kudula mpaka pamene mkati mukuyera, kupaka phulusa, nthambi yabwino kuiyanika pamthunzi kuti idzabzalidwe. Ntchito yosafika ndi theka la ola, pamtunda woti munthu akhoza kuponya mwala.

Koma kumanda salowa ngati kudimba. Munthu wolowa yekha popanda maliro dzina lake limadziwika. Choncho anapita kwa bambo Kizito, mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda m'mudzimo. Anawapeza akukhoma malata awo.

"Amake Tisu, inu ndi munthu wamkulu," anatero bambo Kizito, msomali uli pakamwa. "Anthu agona panja, inu mukudandaula maluwa? Dikirani mwezi wa Ogasiti tikamakalimira kumanda."

"Pofika Ogasiti ukhala utawola, abambo."

"Ndiye dikirani maliro. Kukagwa zovuta tonse timalowa."

Anayankhula mosaganiza, monga amachitira amuna akakhala ndi hamala m'manja. Koma mawuwo anakhazikika mumtima mwa mayi Eluby.

Sabata inatha, ina n'kutha. Mvula sinaleke. Pabala paja panada, masamba a mbali imeneyo anayoyoka. Ndipo mudzi umene unkaika maliro mwezi ndi mwezi unangoti zii, aliyense wamoyo ngati mwadala.

Wodwala analipo mmodzi: mayi Lyness, oyandikana nawo nyumba, mnzawo wa ku Mvano kuyambira ali atsikana. Anali atatupa miyendo, ndipo kuchipatala anawabweza kuti akapumire kunyumba. Mayi Eluby ndi amene ankawaphikira phala, kuwatembenuza, kuwachapira. Ankawakonda, zimenezo Mulungu ndi mboni. Koma tsiku lina akuwamwetsa phala anadzipeza akumvetsera mpweya wa mnzawoyo, akuwerenga masiku. Anachita manyazi mpaka supuni inagwa. Atafika kwawo analira, napempha chikhululukiro, koma m'mawa mwake anamvetseranso.

Mayi Lyness anatsikira kuli chete Lachinayi masana. Mayi Eluby analira zenizeni, anasambitsa nawo thupi, anakhala pasiwa. Loweruka ponyamuka ulendo wa kumanda anamanga mpeni ndi kapepala ka phulusa m'chitenje.

Mkulu wa mpingo atayamba kulalikira, iwo anasuntha pang'onopang'ono kumbuyo kwa azimayi mpaka anafika pa mtengo uja. Fungo lake linali la chinangwa chovunda. Anadula koyamba, munali bii. Anadulanso m'munsi, bii. Kachitatu mkati munayera, utomoni unatuluka. "Tisu, ndabwera mwanawe," ananong'ona. Anapaka phulusa, nadula kansonga kabwino ka nthambi yothyokayo n'kukabisa m'chitenje.

Atatembenuka anakumana ndi maso a Jessica, mwana wamkulu wa malemu, nkhata ya maluwa ili m'manja.

"Amake Tisu, mpeni kumanda?" Mawu a Jessica anali otsika, koma nyimbo inazima. "Chimene mwabisacho n'chiyani?"

"Ndi mtengo chabe, mwanangu. Umawola."

"Ndiye munabwera mutakonzeka? Amayi anga munkawamwetsa phala ndinu. Munkadikira tsikuli?"

Munthu wochenjera akanakana, akanalumbira, akanadzigwetsa pansi. Mayi Eluby bodza sankalitha. Anangoweramitsa mutu. Anthu mazana awiri anaona kuwerama kumeneko, ndipo aliyense anamva zake.

Sanawamenye. Mkulu wa mpingo anaimirira pakati, n'kuwatulutsa bwinobwino. Koma adzukulu, amene masiku onsewa analibe nthawi ya maluwa, tsikulo anaipeza. Anati pansi pa mtengowo payenera kuti pakwiriridwa chizimba. Anakumba, anazula mtengo ndi mizu yomwe, naudula zidutswa n'kuutentha limodzi ndi kansonga kaja. Sanapeze kanthu. Kusapeza kanthuko anati ndi umboni wa kukhwima kwenikweni. Anasalaza dothi n'kumapita.

Kuyambira pamenepo mayi Eluby anakhala mlendo m'mudzi wobadwira. Pachitsime azimayi ankasuntha ndowa zawo. Kukagwa maliro uthenga unkawalumpha, ndipo iwo ankadziwa kuti asayerekeze. Ogasiti anafika, anthu anakalimira kumanda, iwo anauzidwa kuti akhale. Ankangoima panjira ya ku dambo, maso ali pamalo paja, kuloweza: mzere wachitatu kuchokera pa chulu, mtumbira wachinayi. Mvula inagwa, udzu unakula kupitirira munthu, chulu chija adzukulu anachigumula pofuna malo. Mvula inanso inagwa.

Patatha zaka ziwiri anamwalira mlongo wawo weniweni, Malcolm. Pamaliro a m'bale wako palibe angakuletse. Mayi Eluby analowa kumanda manja ali poyera kuti aliyense awaone. Mwambo utatha, anthu akubalalika, anapita kumbali kuja.

Mitumbira inali itatitimira, ina italumikizana, pakati pake pataikidwa atsopano. Anawerenga kuchokera kumanja, anafika pena. Anawerenga kuchokera kumanzere, anafika pena. Anasankha umodzi, nagwada, nayamba kuzula udzu ndi manja.

"Tisu, ndine amako. Usandikwiyire, anandiletsa."

Analira nthawi yaitali, chipumi chili padothi. Kenako anamva dzanja paphewa. Anali mayi wina wachikulire wa kutsidya kwa mtsinje, amene nkhani ija sankaidziwa, ndipo anayankhula mwaulemu ndithu.

"Pepani amayi, musandimve molakwa. Apa pagona amuna anga."

Mayi Eluby anadzuka, dothi lili pankhope. "Nanga wanga ali pati?"

Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, mitumbira yonse ili chimodzimodzi.

"Kaya, amayi. Simunaikepo chizindikiro?"