Mawu a Adada mu Laputopu

Loweruka likubweralo kunali kuvundukula chiliza cha bambo ake ku Wovwe, ndipo Fainess anali atalonjeza abale onse kuti adzamva malemuwo akuimba. Anawajambula pa foni chaka chomwe anamwaliracho. Foniyo inagwera m'madzi kumunda wa mpunga, koma mwamwayi zonse anali atazisamutsira mu laputopu. Ntchito inali kuzipeza.

Kabokosi kofufuzira ka mu laputopumo kanali kasanamugwiritsepo mwala. Iye ndi mphunzitsi: akalemba "mayeso", mayeso amabwera. Tsikulo analemba "Adada", kenako "nyimbo", mpaka dzina lenileni la bambo ake lomwe sanalitchulepo ali moyo. Kabokosi kanangoti palibe. Mantha anamugwira. Akawauza chiyani azakhali, omwe anali atanyamuka kale ku Songwe?

Anakwera minibasi kupita ku Boma ku ofesi ya mlamu wake Hudson, kalaliki wochokera ku Ntcheu wokonda makompyuta kuposa chakudya.

"Alamu, kabokosi kanuka mukukapatsa dzina," anatero Hudson. "Foni sidziwa kuti awa ndi bambo anu. Imangoika manambala basi."

Anatsegula windo lakuda bii, lopanda ndi chithunzi chomwe, n'kuyamba kulemba tizilembo tonga mapazi a nkhuku. Fainess anagwira pachifuwa, kuopa kuti munthuyu afufuta zonse. Hudson anadina batani mwamatama. Mafayilo a mawu anakhuthuka osatha: maulaliki, mauthenga a makolo a ana asukulu, zonse za zaka ndi zaka. Matama aja anaphwa.

"Munawajambula liti?" anafunsa, akukanda mutu.

"Tsiku sindikumbuka. Koma tinali titangokolola mpunga, matumba ali pakhonde."

"Ndiye mu Juni."

Analembanso, kuuza makinawo kuti atulutse a mwezi umenewo okha, aataliatali. Anatsala ochepa. Yoyamba inali kwaya ya kutchalitchi. Yachiwiri inayamba ndi tambala kulira, kenako munthu kutsokomola.

Chifuwa chimenecho Fainess anachidziwa nthawi yomweyo. Mtima unakhala pansi, anangokhala pa mpando wa alendo.

Mu kasipika munamveka mawu a nkhalamba, ikufunsa m'Chitumbuka: "Fainess, kasi chikujambura?"

"Enya, adada," anayankha Fainess asanaganize n'komwe, mu ofesi ya eni ake.

Bambo aja anayamba kuimba.