Kabango ka Che Sidiki

Kuseri kwa msika wa nsomba ku Chipoka kuli shedi ya malata imene mpaka lero anthu amangoti kwa Che Sidiki, ngakhale patha zaka injini isanatsokomole m'menemo. Kale, sitima ya pamadzi ikamakocheza padoko ina ya pamtunda ikudikira kusiteshoni, pakhomo pa shediyi pankandanda injini za maboti ngati odwala oyembekezera jakisoni. Masipeya atsopano kunalibe. Che Sidiki ankatenga chitsulo cha injini yakufa, n'kuchipala ndi katupa kawo mpaka chilowe mu injini ya mtundu wina, boti n'kupita ku Makanjira n'kubwerako bwinobwino. Malemu akazi awo, Abiti Twaibu, ankati bamboyu tsiku lina adzapala mano a apongozi ake kuti akwane m'kamwa.

Asodzi a masiku ano injini ikangodwala amathamangira nayo kuboma. Che Sidiki anangotsala ndi thabwa la masipanala pakhoma, sipanala iliyonse pa msomali wake, mthunzi wake utajambulidwa ndi penti yofiira. Pakona panali injini imodzi yakale, yoyamba kuikonza iwo ali mnyamata wa tsitsi lonse. Ankaipukuta Lachisanu lililonse, mwina kuposa mmene ankadzipukutira okha.

Ndiye Lachinayi lina mwana wawo wamkazi, Karima, anatsika minibasi ndi makatoni asanu. Mtsikanayu ankakonza mafoni ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zinayi ankangobwera pa Idi, kudya mpunga, kugona kawiri, basi wapita.

"Ababa, mundibwereke shedi," anatero. "Ndikufuna ndimangemo kompyuta ya magemu, achinyamata a kuno azidzasewera mpira ndi mipikisano ya magalimoto pasikirini. Abwana andisungira malo mpaka Lolemba. Ikayaka ndikhala konkuno. Ikakana ndibwerera."

"Chabwino," anayankha Che Sidiki, ngati wangopempha mchere. Koma tsiku lomwelo shedi inasesedwa katatu, akangaude a zaka khumi n'kusamuka osatsanzika.

Lachisanu m'mawa Karima anayala zinthu patebulo, bambo ake atakhala pachigubu cha oyilo, manja atawapanikiza pakati pa mawondo kuti asagwire kanthu.

"Iyi ndi bodi, zonse zimakhala pamenepa. Kabisiketi aka ndi purosesa. Kali ndi chisa chake pabodi, ndipo chisa chikakhala cha mtundu wina sikakhalamo. Chachikuluchi ndi khadi ya zithunzi, ndi imene imathamangitsa gemu. Imadya magetsi ngati mlendo wa pa sadaka, ndiye ndinasankha pawa sapulayi yoti iikhutitse. Zimenezi sizikwatirana chisawawa, ababa."

"Ndiye kumafunika ankhoswe."

"Ankhoswe ake ndine."

Purosesa inagona m'chisa chake mwaulemu. Kenako Karima anatulutsa timatabwa tiwiri topyapyala, totalika ngati chala ndi theka, tokhala ndi mano agolide mbali imodzi. Anati dzina lake ndi ramu. Anayesa kamodzi m'ngalande yake pabodi, n'kuima. Anatembenuza, n'kuimanso.

"Andilongedzera yakale," anatero. "Iyi ndi DDR4, bodi iyi imafuna DDR5. Mwaona kampata aka pakati pa mano? Kamayenera kukumana ndi kadzino kali m'ngalandemu. Zaphonyana."

Che Sidiki anasendeza mphuno. Kuphonyana kwakeko kunali kochepa, mwina njere imodzi ya mpunga, mwinanso yothyoka.

Karima anaimbira wogulitsa wa ku Lilongwe amene anamulongedzera ramuyo. Wogulitsayo anavomera kusintha, bola katunduyo abwerere mmene anapitira. Anagwirizana zoti Loweruka Karima apatsire kondakitala wodziwana naye. Atatero ananyamuka ulendo wa kuboma kukafuna mipando ndi nthambo zamagetsi.

"Musagwire kanthu, ababa."

"Ine? Ndikupita ku mzikiti ine."

Ku mzikiti anapitadi, tisawanamizire. Koma khutuba yonse, a shehe akulalikira, m'mutu mwawo munali njere ya mpunga ija. Kondakitala angaiwale. Wogulitsa angasinthe maganizo. Lolemba silinali kutali. Ndipo iwo, munthu amene anakwatitsa zitsulo za ku Japani ndi za ku Mangalande popanda nkhoswe, angalepheretsedwe ndi kampata?

Atabwerera anavula kofia, n'kutsitsa katupa kakang'ono pa msomali. Dzanja linakumbukira lokha. Anapala pang'ono, kuuzira, kuyesa, kupalanso. Fumbi lobiriwira ndi tagolide tinagwera pantchafu. Anapezeka akuimba mluzu, kanyimbo kamene ankaimba Abiti Twaibu akamabwera ndi tiyi wa folo koloko n'kuwanena kuti akununkha petulo. Timatabwa tonse tiwiri tinalowa. Anafuna kuyatsa kuti mwana akapeze zikuyenda, koma nthambo zinali zisanalumikizidwe, ndipo batani lake sanalidziwe. Pamenepo pokha umbuli unawathandiza.

Karima atafika anayang'ana pabodi, kenako fumbi la pantchafu pawo.

"Ababa, mwachita chiyani?"

"Ndangopala pang'ono, mama. Taona mmene zakhalira."

Mtsikanayo anazula timatabwa tija n'kutiyang'ana pa kuwala. Mano angapo agolide anali atapita.

"Kampata kameneka amakaika dala," anatero motsitsa mawu. "Ndi kotseka njira kuti zosayenerana zisakumane. Magetsi ake ndi osiyana. Mukanayatsa, bodi ikanapsa. Ndipo izi sangazilandirenso. Zonse zimene ndinasunga zinathera m'makatoniwa, ababa."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangophimba bodi ndi chitenje, n'kupita kunyumba kukachapa zovala zake za kuntchito.

Loweruka, atangoswali m'bandakucha, Che Sidiki anatsikira kumabango n'kudula limodzi louma. Anang'amba kachidutswa, n'kukayeza pa ngalande ya pabodi mosakhudza kanthu, kupuma kumene akuchita kuumira. Anakadula kutalika kofanana, ndipo pamene panali kadzino anatemapo ndi lezala. Umu ndi mmene ankagulira masipeya kale. Dzina la chitsulo wogulitsa atha kulipotoza, koma kabango sanganyengerere.

Kenako anakweza injini ya pakona ija pawilibala. Abdallah, msodzi wa maboti awiri, anali akupempha kuti aigule kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Che Sidiki, mwadwala kodi?" anafunsa Abdallah ataiona pakhomo pake. "Paja munkati mudzaikidwa nayo m'manda."

"Ndayeza manda, sitikwanamo awiri. Uziisintha oyilo, iwe. Ukaizunza ndidzamva kulira kwake ndili kunyumba."

Anaisisita kamodzi pachivundikiro, n'kutembenuka msanga, ati fumbi lawalowa m'maso. M'mawa wopanda mphepo ngati umenewo.

Ku Lilongwe anafika dzuwa lili pamutu, mawondo atauma ndi minibasi ziwiri. Anafunsa njira kanayi asanapeze sitolo ya makompyuta. Pakauntala panali bambo wa magalasi, dzina lake Dalitso litalembedwa pachifuwa.

"Ndikufuna ramu," anatero Che Sidiki.

"Ya mtundu wanji, madala?"

"Ya ma D awiri ndi nambala."

"Zonse zili ndi ma D awiri. Folo kapena faifi? Bodi yake dzina lake ndi chiyani?"

Folo ndi faifi zinali zitasakanikirana m'mutu kuyambira pa Salima. Che Sidiki anapisa m'thumba la mkanjo, n'kutulutsa kampango, n'kukafunyulula pang'onopang'ono. Kabango kanagona pagalasi la kauntala.

Dalitso anavula magalasi. "Madala, kuno sitiombeza ula."

"Tabweretsani zonse ziwirizo, achimwene. Ula muuona."

Mayi wina amene ankagula chaja anasiya zake n'kuyandikira. Dalitso, akuseka, anatulutsa timatabwa tiwiri tosiyana n'kutigoneka pambali pa kabango. Kutalika kunali chimodzimodzi. Pa koyamba kampata kanaphonya chizindikiro ndi njere ya mpunga. Pa kachiwiri kanagwera pomwepo, ngati zinabadwa tsiku limodzi.

"Ndi faifi," anatero Dalitso, kuseka kutatha. "Ya kompyuta ya patebulo. Munayeza ndi chiyani?"

"Ndi maso amene anayeza mapisitoni inu musanamere mano. Mundipatse tiwiri tofanana, ta mimba imodzi. Mwana wanga anati timayenda ngati mapasa."

Anafika ku Chipoka atatopa ngati thumba la usipa. Chikwama cha Karima chinali kale pakhomo la chipinda, zipi itatsekedwa. Che Sidiki sanamuuze kumene anapita. Anangoika kaphukusi pamwamba pa chikwamacho n'kupempha madzi osamba.

Lamulungu m'mawa anakumana mushedi. Karima anayang'ana pakona pamene panali injini. Panatsala banga la oyilo lokha.

"Imandithera malo," anatero bambo ake. "Makasitomala ako akhala pati?"

Ramu inalowa n'kulira kuti khe, mbali zonse ziwiri. Karima anamangirira bodi m'bokosi lake, n'kulumikiza nthambo imodziimodzi. Koma atanyamula khadi ya zithunzi ija, inakana. Bokosilo linali lakale, lopatsidwa ndi mnzake wa kuntchito, ndipo kumapeto kwake kunali kamlomo ka chitsulo kamene kankagunda khadi. Anayesa mopendeketsa. Ayi ndithu.

Che Sidiki anayang'ana kudenga. Manja anali atawakhalira.

Karima anapumira m'mwamba. Anamasulanso bodi yonse, n'kuiika kutali pashelefu, n'kuiphimba. Kenako anapita pakhoma, natsitsa katupa kaja.

"Apa pokha, ababa. Pachitsulo. Mukangoyandikira chilichonse cha mano agolide ndikakunenerani kwa a shehe."

"Ukuti ndipale?"

"Pang'ono."

"Sindinamve bwino, khutu ili lakalamba."

"Palani, ababa."

Anatulutsa bokosi panja kuti fumbi la chitsulo lisalowe pena, n'kulipana ndi mawondo. Kulira kwa katupa kunamveka mpaka kumsika, moti amayi ena ogulitsa utaka anasuzumira kuona ngati masiku akale abwerera. Atamaliza anapukuta ndi kansalu konyowa, n'kudikira paume. Khadi inalowa ngati mkwatibwi, osakhudza khoma.

Karima anadina batani. Mafani anazungulira, timagetsi tinayaka, ndipo patapita kanthawi kotalika kuposa ulendo wa ku Lilongwe, sikirini inawala n'kulemba zilembo zake.

Che Sidiki sanayang'ane sikirini. Anagunditsa khutu pabokosi, maso atatsinzina.

"Fani yakumbuyo ili ndi kachifuwa. Sikulu imodzi sinamange."

Karima anayesa ndi sikuludiraiva. Inalidi yosamanga. Anaimanga, kenako anaima ndi sikuludiraivayo m'manja, akuyang'ana thabwa la masipanala. Anatola msomali m'chitini, n'kuukhoma pansi pa katupa, n'kupachikapo chida chake.

"Penti yofiira ija ilipo?"

"Inauma mayi ako ali moyo."

"Ndikagula mawa kuboma. Ndikaimbirenso abwana ndili komweko."

Che Sidiki anadzuka pachigubu, n'kukakankhira tebulo pakona kuti libise banga la oyilo. Linatsala kuonekera pang'ono chakumwendo, ndipo analisiya choncho.