Ndevu Zanga ndi Mawu a Zaithwa

Malemu mkazi wanga Nagama anakwera pakaliyala ya kabaza wanga osafunsa n'komwe ngati ndili ndi kasitomala.

"Bambo, mdzukulu wathu Zaithwa wakula osalankhula," anatero. "Mawu ake amwazikana mu Lilongwe muno. Tikawatole dzuwa lisanalowe, apo ayi akhala duu moyo wake wonse."

Ndinapalasa. Ku Kawale Chiyao chinali chitayanikidwa pazingwe pamodzi ndi zovala, ndipo mayi wina anatianulira chouma bwino. Ku Mchesi Chitumbuka chinkamera m'mbali mwa ngalande ngati bonongwe, Nagama n'kumathyola akuseka. Chizungu cha ku Area 47 chinkatuluka m'mapaipi othirira kapinga, koma mlonda anatitungira kakapu kamodzi basi. Kuumira kwa anthu a kumipanda mukukudziwa. Amwenye a ku Bwalo la Njobvu anatidulira chawo ndi sizasi, n'kuikapo basela. Chichewa sitinavutike nacho, chinkangomatirira kumatayala.

Basiketi ya panjinga yanga inadzaza, mawu akulira ngati anapiye. Mtima wanga unali mbee.

"Kwatsala Chiswahili cha bambo ake," anatero Nagama.

Bambo akewo ndi Kabeya, mkamwini wathu wa ku Kongo, wometa anthu ku Area 25. Titafika, Nagama anatembenukira kukhoma n'kudzifunda chitenje kumaso.

"Lowani nokha. Ine ndi mpongozi wake, sindingaonane naye maso ndi maso."

"Mayi, inu munafa."

"Kufa si kutaya ulemu."

Ndinalowa ndi odi. Kabeya anagwada, n'kundilozera mpando.

"Baba, mawu a kwathu ali m'makina ometerawa. Satuluka mpaka makinawo adye."

Anayang'ana ndevu zanga. Ndevu zimenezi pasiteji ponse amandidziwa nazo, ngakhale Nagama analephera kuzigwetsa ali moyo. Ndinamva akukhosomola dala panja. Dzuwa linali litafika pafelemu ya chitseko, likuyembekeza ngati munthu wapamzere.

"Meta msanga, ndisanasinthe maganizo," ndinatero.

Tsitsi lililonse likagwa linkasanduka liwu, n'kudumphira lokha m'basiketi.

Ndinadzidzimuka pamkeka, pansi pa mtengo wa mango, kuchibwano kukuzizira. Zaithwa anali atandikhalira pamimba, akundisisita ndi kachala.

"Agogo," anatero momveka bwinobwino, "mwanyansa."